Anditsekera akaunti ndili ku Indiana: kodi boma la California lili ndi mphamvu zimenezi?

Funso: Ndinakhala ku California kuyambira 2018 mpaka Ogasiti 2021, ndikuperekera anthu zakudya ndi katundu m'makomo pa galimoto yanga. Kenako ndinasamukira ku South Bend, Indiana, komwe ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Ndivomereze kuti mafomu a msonkho a California a 2020 ndi 2021 sindinatumize. Sabata yatha khadi langa linakana pa sitolo, ndipo a ku banki akuti boma la California lagwira $3,100 yomwe inali mu akaunti, ati ndili ndi ngongole ya $9,400. Mwa ndalama zagwidwazo, $1,200 ndi zopereka za anzathu a kumudzi zothandizira pa maliro, zomwe ndimasunga ine. Kukhoti sindinaitanidweko. Kodi zimenezi n'zololedwa? Andipeza bwanji kuno? Nanga ndikabwerera ku Malawi nkhaniyi itha?

Yankho: Pepani ndi zomwe zakugwerani, achimwene, makamaka poti zina mwa ndalamazo si zanu. Ndiyambe ndi chinthu chimene sichingadikire kuti mumalize kuwerenga. Ofesi imene yachita zimenezi ndi Franchise Tax Board, mwachidule FTB, yomwe imatolera msonkho wa pa ndalama zimene anthu amapeza ku California. Banki ikalandira lamulo lake, lotchedwa Order to Withhold, siitumiza ndalama tsiku lomwelo. Imazisunga kaye masiku 10 ogwira ntchito. Mwati khadi linakana sabata yatha, ndiye kuti mwina theka la masikuwo latha kale. Imbani ku banki lero, mufunse tsiku lenileni limene chikalatacho chinafika, ndipo akupatseni kope lake. Pa kopelo pali nambala ya foni ya amene alamula. Ndalama zikadali m'banki, FTB ikhoza kumasula zina kapena zonse ndi kalata imodzi yopita ku bankiyo. Zikangolowa m'thumba la boma ku Sacramento, likulu la California, kuzibweza ndi ulendo wautali.

Za $1,200 ya maliro, lamulo silipatsa boma mphamvu yotenga ndalama za munthu wina polipira ngongole yanu. Vuto n'lakuti akauntiyo ili m'dzina lanu, ndiye amayamba ndi kuganiza kuti zonse ndi zanu, ndipo udindo wosonyeza kuti si choncho uli pa inu. Mawu apakamwa sathandiza. Sonkhanitsani masitetimenti oonetsa amene anatumiza, tsiku ndi kuchuluka kwake, mauthenga a pa gulu lanu la WhatsApp pamene munkamemezana zoperekazo, komanso kalata ya wapampando kapena mlembi wa gululo. Ngati ndalamazo zinalowa masiku oyandikana kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, aliyense $50 kapena $100, nkhani yanu imamveka. Ngati zinasakanikirana ndi malipiro anu kwa miyezi, n'kumatapako za lenti ndi kubwezeramo, zivuta. Anzanuwo auzeni msanga zomwe zachitika, asadzamve pa tsiku limene ndalamazo zikufunika. Ndipo chizolowezi chathu chosungitsa ndalama za gulu mu akaunti ya munthu mmodzi wokhulupirika, kaya za maliro kaya za chipereganyu, ku America n'choopsa. Munthu akhoza kukhala wokhulupirika ndithu koma ali ndi ngongole ya boma imene iye mwini sakuidziwa.

Tsopano funso lanu lalikulu. Inde, n'zololedwa, ndipo sanafunikire kupita kukhoti.

Kampani ya kirediti kadi, chipatala kapena mwini nyumba akafuna ndalama zawo kwa inu, amayenera kukusumirani, kupambana mlandu, kenako n'kupempha khoti kuti ligwire akaunti kapena malipiro anu. Boma likamatolera msonkho limadutsa njira yachidule. Limawerengera lokha ngongoleyo, kukutumizirani kalata, ndi kukupatsani nthawi yotsutsa. Nthawiyo ikatha muli chete, chiwerengero chawocho chimakhala ndi mphamvu ngati chigamulo cha khoti. Khoti Lalikulu la America linafotokoza zimenezi mu 1935 pa mlandu wa Bull v. United States, pomwe linayerekeza msonkho ndi magazi amene amapatsa boma moyo, ndi kunena kuti pa msonkho zinthu zimayenda chammbuyo: umalipira kaye, kudandaula pambuyo. California inaika mfundo yomweyo m'malamulo ake aakulu, Article XIII, ndime 32, yomwe imaletsa makhoti kuimitsa kutolera msonkho. Wofuna kutsutsa kukhoti alipire, kenako asumire boma kuti limubwezere. Izi si zachilendo kwa ife. Kwathunso MRA ili ndi mphamvu yolamula banki, kapena aliyense amene akusunga ndalama za munthu wosalipira msonkho, kuti azipereke kwa iyo.

Chimene chimasokoneza ambiri a ife ndi chakuti kwathu boma ndi limodzi, pamene ku America chigawo chilichonse mwa 50 chili ndi boma lake, nyumba ya malamulo yake ndi misonkho yake. IRS, ofesi yotolera msonkho wa dziko lonse la America, ndi ya boma la fedulo. FTB ndi ya California yokha. Kulongosola za mmodzi sikuthetsa za mnzake.

Ndikhoza kulingalira mmene nkhani yanu inayendera, chifukwa imayenda chimodzimodzi kwa ambiri. Kampani imene munkaperekera katundu inatumiza kwa a msonkho fomu ya 1099 yoonetsa ndalama zonse zimene inakupatsani. FTB itaona kuti ndalama zilipo koma fomu yanu palibe, inakulemberani kupempha kuti mutumize. Simunayankhe. Inatumiza Notice of Proposed Assessment, kalata yonena kuti taganiza kuti ngongole yanu ndi yakuti, ndipo munali ndi masiku 60 otsutsa. Mukadatsutsa iwo n'kukana, mukadakhala ndi masiku ena 30 okadandaula ku Office of Tax Appeals, bwalo lapadera limene linayamba ntchito mu Januwale 2018. Pambuyo pake panabwera bilu, kenako chenjezo lomaliza, limene liyenera kutumizidwa patatsala masiku osachepera 30 kuti agwire chuma. Makalata onsewa anapita ku nyumba imene munachokako mu 2021. Lamulo limangofuna kuti atumize ku adiresi yomaliza imene iwo akuidziwa, osati kuti kalatayo ifike m'manja mwanu. Ndiye mawu oti "sindinalandire kalata" kawirikawiri sapulumutsa munthu. Komabe funsani kuti makalatawo ankapita kuti. Ngati pa nthawiyo anali kale ndi adiresi yanu ya ku South Bend koma n'kutumizabe ku yakale, pamenepo muli ndi poyambira.

Pano pali nkhani yabwino, ndipo ndi pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri. Ndikukayika ngati $9,400 ndi ngongole yanu yeniyeni. Munthu akapanda kutumiza fomu, FTB imawerengera ndi zimene ili nazo, ndipo zimene ili nazo ndi ndalama zolowa zokha. Siidziwa za mafuta, matayala, inshuwalansi kapena foni. Imakutengani ngati munthu wosakwatira, wopanda ana. Koma munthu wodzilemba yekha ntchito pa galimoto yake amaloledwa kuchotsera mtunda umene wayenda pa ntchito: masenti 57.5 pa mailo imodzi mu 2020, ndi masenti 56 mu 2021. Tiyerekeze kuti mu 2020 munayenda mamailo 30,000 pa ntchito. Ndiye kuti $17,250 ikuchoka pa ndalama zodulidwa msonkho. Msonkho ukatsika, zilango nazo zimatsika, chifukwa zimawerengedwa kuchokera pa msonkhowo. Chilango chochedwa kutumiza fomu ndi 5 peresenti pa mwezi mpaka kufika 25 peresenti, ndipo wonyalanyaza kalata yolamula kutumiza fomu akhoza kuwonjezeredwa 25 peresenti ina. Pamwamba pake pali ndalama zolipirira ntchito yokusakani komanso chiwongoladzanja chimene chimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Umu ndi mmene ngongole yaing'ono imafufumira.

Chaka cha 2021 chili ndi zakezake. Munkakhala ku California mpaka Ogasiti basi. Ndalama zimene munapeza ku Indiana mutasamuka California siyenera kuzidula msonkho, koma iwo sangadziwe tsiku limene munasamuka ngati simuwauza. Fomu yake ndi 540NR, ya anthu amene anakhala m'chigawocho mbali chabe ya chaka. Pepala la lenti la ku South Bend, laisensi ya Indiana ndi peyisilipi yanu yoyamba kumeneko ndi umboni wokwanira.

Nkhani ya tsiku losamukirayi California siiseweretsa. Gilbert Hyatt, katswiri wa zamakompyuta amene anapeza chuma chambiri ndi luso lomwe anatulukira, ananena kuti anasamukira ku Nevada mu 1991, chigawo chomwe sichidula msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza. FTB inati anakhalabe nzika ya California mpaka Epulo 1992. Mkangano wa miyezi yochepa chabeyo unabala milandu imene inafika ku Khoti Lalikulu la America katatu, mu 2003, 2016 ndi 2019. Ulendo womalizawo oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti munthu sangasumire boma la chigawo china m'makhoti a chigawo chimene akukhala popanda chilolezo cha bomalo. Kwa inu tanthauzo lake n'lakuti khoti la ku Indiana si kothawira. Nkhaniyi idzathera m'maofesi ndi m'mabwalo a California.

Nanga akupezani bwanji? Sanachite kukusakani ndi galimoto. Kuyambira 2012 mabanki ochita malonda ku California amayerekeza mayina a makasitomala awo ndi mndandanda wa anthu a ngongole za msonkho miyezi itatu iliyonse. Ngati banki yanu ndi imodzi mwa zikuluzikulu zokhala ndi nthambi m'dziko lonse, lamulo limaperekedwa kwa bankiyo monga kampani imene ili ku California, ngakhale inu mumatapira ndalama ku South Bend. Lamulo limodzi limagwira zimene zinali mu akaunti panthawi imene linafika. Ngongole ikatsala akhoza kutumiza lina, ndi linanso.

Malipiro nawo akhoza kugwidwa, mpaka 25 peresenti ya zotsala akachotsa misonkho ndi zina zokakamizidwa ndi lamulo, ndipo zimapitirira mpaka ngongole itatha. Koma apa dzanja la California lili ndi polekezera. Lamulo lake limagwira bwana amene amachitanso malonda ku California. Ngati nyumba ya okalamba imene mukugwirako ndi ya eni ake a ku Indiana konko, sangailamule mwachindunji. Ngati ndi nthambi ya kampani yaikulu imene ilinso ku California, akhoza. Mukabwereranso ku ntchito yoperekera katundu, pali lamulo lina logwira 25 peresenti ya zimene kampaniyo ikukulipirani kwa miyezi 12.

Ambiri amaopanso kuti ndalama zimene IRS imabweza kumayambiriro kwa chaka zigwidwa. Njira imeneyo ilipo ndithu, koma lamulo la fedulo limalola chigawo kugwira ndalamazo pa ngongole ya msonkho wotere pokhapokha ngati adiresi ya pa fomu ya fedulo ya chaka chimenecho ili m'chigawo chomwecho. Poti yanu ndi ya Indiana, khomo limeneli kwa iwo n'lotseka. Mukadzabwerera ku California lidzatseguka, pamodzi ndi ena: ndalama zobwezedwa ndi boma la California, ngakhale zimene mungapate pa lotale ya kumeneko.

Akhozanso kulembetsa chikole pa katundu wanu, chimene amachitcha lien, ku ofesi ya kaundula. Chimakhala zaka 10 ndipo akhoza kuchitalikitsa. Kuyambira 2018 makampani atatu akuluakulu osunga mbiri ya ngongole za anthu anasiya kuika zikole za msonkho m'malipoti awo, koma wobwereketsa ndalama ya nyumba amazipezabe, chifukwa zili m'kaundula wa poyera. Kwa anthu amene anachoka m'chigawocho, FTB imaloledwanso kulemba ntchito makampani otolera ngongole. Ndipo ikafuna ikhoza kupeza chigamulo cha khoti ku California n'kupita nacho ku Indiana, pakuti mu 1935 momwemo, pa mlandu wa Milwaukee County v. M. E. White Company, Khoti Lalikulu linati zigawo ziyenera kulemekeza zigamulo za msonkho za zigawo zinzawo. Pa ngongole ya kukula ngati yanu sindiyembekezera kuti angafike pamenepo. Za kulanda laisensi yoyendetsera galimoto ndi kusindikiza mayina poyera zimakhudza anthu 500 a ngongole zazikulu kwambiri, zoposa $100,000, ndiye zimenezo zisakusowetseni tulo.

Ena akuuzani kuti ingotsegulani akaunti ku banki yaing'ono ya ku Indiana mukhale phee. N'zoona kuti kumeneko kukupezani kumavuta. Koma taonani nthawi imene mukuyenera kubisala. IRS ili ndi zaka 10 zotolera ngongole. California inadzipatsa zaka 20, malinga ndi lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2006, ndipo zakazo zimawerengedwa kuchokera pa ngongole yomaliza imene yaikidwa pa chaka cha msonkhocho, moti kanthu kena kakawonjezeredwa kuwerenga kukhoza kuyambiranso. Komanso chaka chimene munthu sanatumize fomu chimakhala chotseguka mpaka kalekale. Wotumiza fomu, FTB imakhala ndi zaka zinayi zomufufuza. Wosatumiza, malire palibe. Akuluakulu aja ponena kuti mlandu suola ankakhala ngati akunena za Sacramento. Zaka 20 za kuopa banki iliyonse yaikulu ndi bwana aliyense wa nthambi ku California, chiwongoladzanja chikukwera, chifukwa cha ngongole imene mwina ingatsike kwambiri mutangotumiza mafomu awiri, kwa ine n'zosapindulitsa.

Za kubwerera ku Malawi ndikuyankhani mosabisa. Ndalama zimene zili m'banki ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre lamulo la FTB silizifikira. M'maiko otsatira malamulo ochokera ku England muli mfundo yakale yoti makhoti a dziko lina satolera msonkho wa dziko linzake, ndipo Nyumba ya Mabwana ya ku Britain inaitsimikizira mu 1955 pa mlandu wa Government of India v Taylor. Palibenso amene angakuimitseni pa bwalo la ndege chifukwa cha ngongole ya msonkho wa chigawo. Koma ngongoleyo siifa. Chilichonse chimene mwasiya ku America pamene dzanja lawo lingafike chikhoza kugwidwa, ndipo mukadzabwerera mudzaipeza itakula. Ngati m'malo mobwerera mukulingalira zodzakhala nzika ya America, dziwani kuti fomu yopemphera unzika, ya N-400, imafunsa mwachindunji ngati muli ndi ngongole ya msonkho wa fedulo, wa chigawo kapena wa dera imene nthawi yake inapitirira. Wokhala ndi pangano la kulipira, amene akulisunga, amakhala ndi choonetsa. Wongobisala amasowa chonena. Za ndende, munthu samangidwa chifukwa chosowa ndalama zolipira. Kukana dala kutumiza mafomu ndi kunama pa fomu ndiyo milandu imene ingafikitse munthu kumeneko, ndipo amene wabwera yekha kudzakonza zinthu kawirikawiri nkhani yake imathera pa ndalama.

Ndiye mukaimba ku FTB pa nambala ya pa kope lija, nenani zinthu zitatu. Choyamba, kuti $1,200 si yanu ndipo umboni muli nawo. Chachiwiri, ngati kugwidwa kwa zotsalazo kukulepheretsani kulipira lenti, magetsi kapena chakudya, nenani zimenezo ndipo mukonzeke kudzaza fomu yofotokoza zolowa ndi zotuluka za pakhomo panu, chifukwa ali ndi mphamvu yochepetsa lamulolo pa munthu amene lamuika pa mavuto aakulu. Chachitatu, kuti mafomu a 2020 ndi 2021 mutumiza, ndipo muwapatse tsiku. Ngakhale masiku 60 aja anadutsa, FTB imalandirabe fomu yeniyeni ya munthu amene inamuwerengera mongoyerekeza, ndipo imakonza chiwerengerocho ikakhutira. Apatseninso adiresi yanu yatsopano. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati kudzipereka kwa fisi, koma makalata osafika ndi amene akufikitsani pano.

Ngongole yeniyeni ikadziwika, pemphani kulipira pang'onopang'ono. Wokhala ndi ngongole yosaposa $25,000, amene angamalize m'miyezi 60 ndipo watumiza mafomu ake a zaka zisanu zapitazi, kawirikawiri amavomerezedwa, ndipo polembetsa amalipira $34. Chiwongoladzanja chimapitirira, koma kugwira akaunti kumaima malinga ngati simukuphonya mwezi. Pali njira inanso yopempha kuti alandire ndalama yocheperapo n'kutseka nkhani, yotchedwa Offer in Compromise, koma imeneyi ndi ya munthu amene zikuonekeratu kuti sangathe kulipira lero kapena m'tsogolo. Munthu wamphamvu zake, wa ntchito yokhazikika, mwayi wake ndi wochepa. Makampani olengeza pa wailesi kuti athetsa ngongole yanu ndi kandalama kochepa amagulitsa chiyembekezo chimenechi pa mtengo wokwera, ndipo ine sindingawapatse kobiri. Kukhululukira zilango kamodzi pa moyo kumene California inakhazikitsa kumayambira chaka cha msonkho cha 2022, ndiye zaka zanu ziwirizi sizilowamo.

Ngati masiku 10 aja atha ndalama zitapita kale, ndipo mafomu n'kudzaonetsa kuti atenga zoposa ngongole yanu, mukhoza kupempha kuti akubwezereni, koma nthawi yake ndi yoyezedwa: zaka zinayi kuchokera tsiku limene fomu inayenera kutumizidwa, kapena chaka chimodzi kuchokera tsiku limene ndalamazo zinalipidwa. Kwa inu zaka zinayizo musazidalire. Werengerani chaka chimodzi kuchokera tsiku limene banki yatumiza ndalama, ndipo mulilembe penapake. Nthawiyi ikadutsa, ngakhale iwo atavomereza kuti anatenga zambiri, lamulo siliwalola kubweza.

Simunanene ngati mafomu a IRS a zaka zomwezo munatumiza. Ngati ayi, ng'ona yaikulu ili kumeneko, chifukwa wodzilemba yekha ntchito amalipiranso 15.3 peresenti ya Social Security ndi Medicare, omwe ndi matumba a boma a penshoni ndi a chipatala cha okalamba, ndipo fomu ya California imayambira pa ziwerengero za fomu ya fedulo. Onaninso ngati munatumiza fomu ya Indiana ya miyezi yomaliza ya 2021. Indiana nayo ili ndi njira zake, moti ngongole yosalipidwa imakalembetsedwa ku khoti la kauntiyo n'kuperekedwa kwa sherifi kuti atolere. Zonsezi apatseni munthu mmodzi wovomerezeka, CPA kapena enrolled agent, amene anagwirapo nkhani za California, osati mnzanu amene amangodzazira anthu mafomu pabalaza. Ngati mumapeza zochepa, funsani za maofesi othandiza anthu pa mikangano ya msonkho mwaulere kapena pa mtengo wotsika, otchedwa Low Income Taxpayer Clinic. Ntchito yawo yaikulu ndi ya IRS, koma ena amathandizanso pa za chigawo zikakhala zogwirizana. Ndipo mukaona kuti amene mukulankhula nawo ku FTB sakumvetsa za ndalama za maliro zija, mkati mwa ofesi yomweyo muli Taxpayers' Rights Advocate, amene ntchito yake ndi kulowererapo njira zanthawi zonse zikakanika. Mukamapita kwa wodzaza mafomuyo mutenge ma 1099 a zaka ziwirizo, masitetimenti a ku banki, ndi chilichonse choonetsa mtunda umene galimoto inayenda, ngakhale malisiti a ku galaja olembedwa mamailo.